Mano Anga Ndiwo Anali Manja

Zala zanga zinayamba kutupa mwana akadali wakhanda. M'mawa zinkadzuka zitauma gwa, osapindika. Ine ntchito yanga ndi yoluka tsitsi pakhonde la saluni ya eni ake. Woluka wopanda zala adya chiyani?

Ndinaphunzira kugwira ntchito ndi mano. Ulusi ndinkakoka ndi mano, nsalu yoberekera mwana ndinkamanga ndi mano, botolo la mankhwala ndinkatsegula ndi mano. Pa ulusi pankatsala magazi, ine n'kupukuta msanga kasitomala asanaone.

"Iwe, ukundiluka kapena ukundidya?" anatero mayi wina, khonde lonse kuseka. Sanabwerenso.

Kuchipatala ndinayala manja patebulo. Adokotala anawatembenuza, kenako anati, "Tayasamulani."

"Adokotala, ndabwerera zala ine."

"Tayasamulani kaye, mayi."

Anaunika ndi katochi, n'kubweza mutu. Anati nkhama zanga zaola mkati, tizilombo tachita kumangamo mudzi. Poizoni wa tizilomboto amalowa m'magazi tsiku ndi tsiku, thupi n'kumalimbana naye osapuma, ndipo nkhondo imeneyo ikhoza kukhala ikukolezera moto molumikizana mafupamu.

"Mano akutsogolowa akugwedera, ofunika kuzula. Enawo titsuka."

"Mukazula, zala zichira?"

"Mwina zipepuka. Mapiritsi muzimwabe. Koma kulonjeza ayi."

"Nanga zikapanda kupepuka? Mano mwatenga, zala palibe. Mwanayu ndizimumanga ndi chiyani kumsana?"

Anati ndikaganize panja.

Pabenchi panali apongozi anga, amene anandiperekeza. Atamva anagwira pakamwa.

"Mwana wanga anakwatira mkazi wa mano ake onse. Akakuthamangitsa usadzalirire ine."

"Amayi, mwana wanuyo anawaona liti manowa? Ndimaseka m'nyumba muja?"

Anatembenukira kumbali.

Ndinakhazika mwana pamiyendo kuti ayamwe. Anaona kapu ya munthu wina, n'kudziponya chagada. Ndinati ndimugwire, zala zinangokhudza malaya ake n'kukana kufumbata. Anamuwakha ndi apongozi, mutu utatsala pang'ono kugunda simenti.

Mwana analira. Apongozi anamukumbatira, osandiyang'ana. Ine ndinayang'ana manja anga ali pamwamba, otambasuka ngati a wopemphetsa.

"Mugwireni bwino, amayi."

Ndinadzuka, n'kugogoda chitseko ndi chigongono.

"Adokotala, zulani lero lomwe. Mawa ndikhoza kuchita mantha."