Amuna a Thumba

Masiku amenewo sitima za pamadzi zinkafikabe pa doko la ku Nsanje, kutenga thonje kupita nalo ku Chinde. Mai Clotilda a kwa Nyachikadza analibe nazo ntchito, mpaka tsiku limene Saulos, mnyamata woponya nkhuni m'ng'anjo ya sitima ina, anatumiza mawu ofunsira mwana wawo Emelia.

Mnyamatayo analibe choipa chooneka. Koma paliponse ankati, "Ine si wa thumba. Ndinalembedwa ndekha, ndiye ndimalandira kuposa iwo."

Mawuwa anawayabwa m'mutu Mai Clotilda. Thumba lanji? Nanga mwamuna wamutu wake angavomere bwanji zochepa, mnzake akulandira zambiri pa ng'anjo yomweyo?

"Za pa sitima zisiyeni, mlongo," anatero Lazaro, mlongo wawo, amene anali nkhoswe. "Mwanayu wamukonda."

"Chikondi sachiphika," anayankha, nalonga dengu la milamba yowamba m'mwadiya, n'kupalasa okha kulowera ku doko.

Kumeneko sanafunse amuna. Mwamuna ukamufunsa za malipiro amakuuza za chaka chamawa. Anakhala pafupi ndi mayi wina wogulitsa mpunga, dzina lake Veronika, amene mwamuna wake nayenso ankaponya nkhuni.

"Anzanga, amuna anu ndi a thumba?"

"Ndi a thumba."

"Ndiye ndi opusa, kapena pali chimene sindikuchiona?"

Veronika anaseka. Anati a thumba amalembedwa pamodzi, ndipo kwa mzungu amawayankhulira munthu mmodzi, kapitao amene anadzisankhira okha. Malipiro awo ndi otsika, komanso mwezi ukatha aliyense amaponya kandalama ka tiki ndi chikho cha mpunga m'thumba limodzi. Koma anapangana ndi kampani za phoso, chakudya cha pa ntchito, komanso mchere ndi gombeza. Madzi akaphwa, sitima n'kukhala pamchenga, a thumba amadyabe phoso mpaka itayandama. Nthawi ya madimba amapita kwawo mosinthana, malo awo akuwadikira.

"Nanga olembedwa okha?"

"Sitima ikakhala pamchenga amawatsitsa pomwepo. Ayende wapansi."

"Za madimba?"

"Nkhabe, palibe. Akapita kukalima, apeza wina waima pamalo pawo."

Mai Clotilda sanakhulupirire msanga, poti wogulitsa sanena kuti mpunga wake ndi wofumbwa. "Zoipa zake nenaninso."

"Zilipo. Kapitao wathu, a Goodwell, amakonda kachasu, ndipo ulendo wina thumba linapepuka osadziwika chifukwa. Akanena kuti lero sitigwira, onse sagwira, ngakhale kunyumba kuli njala."

Pansi pa mtondo panakhala bambo wina, mkono wake wakumanja utakwinyika ndi moto ngati chikopa cha mbuzi chouma. Ankadya mpunga, osapempha munthu. Veronika anati ameneyo ndi Petro, ng'anjo inamulavulira, ndipo thumba ndilo likumudyetsa pamodzi ndi ana ake.

"Ameneyo ndamuona," anatero Mai Clotilda. "Tsopano ndionetseni wopsa wa olembedwa okha."

"Analipo. Anatsala ku Chinde."

"Akutani kumeneko?"

"Palibe anapita kukaona."

Mai Clotilda anasenza dengu lawo, nafunsa njira ya kwa a Goodwell. Anawapeza akumeta ndevu ndi chibenthu cha botolo. Atamva dzina la Saulos, a Goodwell anagwedeza mutu. Anati chaka chatha, a thumba atakana ntchito pofuna magombeza, Saulos anakoleza moto yekha. Wotere akafuna kulowa, abweretse mbuzi.

"Mbuzi ya chiyani? Anapha munthu?"

"Anatipha manyazi, mayi."

"Manyazi ake ndi a milamba. Nunkhizani izi."

Anakangana mpaka mthunzi unasuntha. Dengu linatsala kwa a Goodwell m'malo mwa mbuzi, kupatula milamba ya pansi, imene Mai Clotilda anaibweza m'nsalu yawo.

Tsiku la ankhoswe, Saulos anabwera atavala malaya oyera, nakhala pamphasa moyang'anana ndi Lazaro. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, sayankhulana. Choncho Mai Clotilda anakhala kuseri kwa mpanda wa bango, pomwe Emelia ankasinja mapira pang'onopang'ono kuti amve zonse.

"Lazaro," anatero Mai Clotilda mokweza, ngati mlongo wawoyo ali kutsidya kwa Shire, "mufunseni mlendo wanu. Sitima ikakhala pamchenga, mwana wanga adzadya chiyani?"

Lazaro anabwereza funsolo, ngakhale nkhuku zomwe zinali zitamva.

"Auzeni amayi kuti ndimasunga," anatero Saulos.

"Mufunseni ngati malaya amenewo ndiwo nkhokwe yake."

Lazaro anakhosomola, osabwereza.

"Mufunseninso. Madzi akachoka m'madimba, dimba langa adzalima ndani? Mkamwini wa kuno amagwira khasu. Sindifuna mkamwini womuonera utsi ukudutsa pamtsinje."

Saulos anayang'ana mpandawo, kenaka anakumbukira, nayang'ana pansi. "Auzeni amayi kuti a thumba sangandilandire. Pali nkhani."

"Nkhaniyo ndaidziwa, ndipo yadyedwa kale ndi nsinjiro. Malo ake alipo. Akalowa, Emelia ndi wake. Akakana, akawambe milamba yodzaza dengu langa, azipita."

Munsi wa Emelia unaima m'mwamba.

"Malipiro atsika, malume," Saulos anauza Lazaro motsitsa mawu. "Ndipo adzandiseka ulendo wonse mpaka ku Chinde."

"Muuzeni kuti wosekedwa amabwerako ku Chinde," mawu anatuluka kuseri kwa bango.

Saulos anatembenuza manja ake, amene anali kale ndi timabala ta moto. Kenaka anaomba m'manja pang'ono.

"Auzeni amayi kuti takhuta, tathokoza. Mwezi ukatha ndiponya tiki yanga."

Munsi unagwa mumtondo, kusinja n'kuyambiranso, mwamsanga tsopano. Mai Clotilda ananyamuka, nakutumula nsalu yawo.

"Lazaro, muuzeninso ichi. Akalowa, aone amene amagona pafupi ndi thumbalo, adzandiuze. Ndikufuna kudziwa chimene chinalipepula."