Mita Yoyenda Yokha

Magetsi analowa m'nyumba mwathu mu Epulo chaka cha 1960, ndipo ndivomere, ndinadzimva. Amuna anga, a Obadiya Sakala, anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya mishoni ina kufupi ndi Sinda. Amishoni atagula injini yatsopano anati nyumba za antchito nazo zilaweko. Aphunzitsi ang'onoang'ono anawapatsa babu limodzi limodzi, kulipira masheleni awiri pamwezi, uyatse usayatse. Ife anatipatsa mababu atatu ndi mita, kuti tizilipira malinga ndi momwe tayatsira. Ine Yunesi ndinkayenda pamishonipo ngati injiniyo ndagula ndine.

Anadzamanga mitayo ndi a Lackson Mbewe, omwe ankayendetsa injini. Analinso mkulu wa mpingo, mkulu wake woti mano ake sindinawaonepo. Mwana wa mlongo wawo weniweni anakamunenera okha kwa abusa chifukwa chofulula mowa. Anakhoma thabwa pakhoma la pabalaza, pathabwapo n'kuikapo kabokosi kakuda kokhala ndi galasi kutsogolo. Mkati munali kambale kopyapyala ndi manambala.

"Mayi, mverani bwino," anatero. "Mukayatsa babu, kambale aka kazizungulira, manambala n'kumakwera. Nambala imodzi ndi yuniti imodzi, yuniti ndi mapeni asanu ndi limodzi. Mukazimitsa, kaima. Koma kamtovu aka," anandiloza kanthu kofinyiridwa pa kawaya kamene kanamanga misomali ya thabwalo, "ndi chidindo cha amishoni. Wodula ichi wadula ntchito yake."

Mwezi woyamba bilu inabwera ya masheleni anayi. Wachiwiri, asanu. Mu Julayi, dzinja litaiwalika, inalumpha n'kufika asanu ndi anayi, ndipo mu Ogasiti khumi ndi anayi. Amuna anga anaika pepalalo patebulo n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi, monga ankayang'anira ana ochedwa kusukulu.

"Amake Judith, mukumayatsa malaiti masana kuti amayi akumudzi azikutamani?"

Kunena zoona ndinachitapo kawiri, koma kawiri si masheleni khumi ndi anayi. Ndinakana mpaka misozi. Tinayamba kuyatsa babu limodzi lokha, kwa ola limodzi, kenako tinabwerera ku nyali yathu yakale ya parafini. M'nyumba ya magetsi tinkadya tikusuzumirana pa koloboyi, aphunzitsi a babu limodzi aja akuwala mpaka injini itazimitsidwa.

Tsiku lina m'mawa mu Seputembala, amuna anga ali kusukulu, ndinali kusesa pabalaza. Injini inkalira patali, poti m'mawa ankailizanso chifukwa cha ntchito zina za pamishoni. Ndinamva kaphokoso kuchokera pakhoma, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Nditakweza maso, kambale kaja kakuzungulira. Ndinathamanga chipinda ndi chipinda, mababu onse atatu ali zii. Ndinabwerera. Kakuzungulirabe, mwaliwiro kuposa momwe kankachitira tikayatsa onse.

Tsache linagwa lokha. Ndinanyamula Judith, yemwe panthawiyo ankakwawa, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka masana. Ndinkadziwa chinthu chimodzi chokha, chimene a Mbewe anandiuza: ukazimitsa, kaima. Ndiye ankakazunguliritsa ndani? Wina wake anali kuyatsa m'nyumba mwanga, ine osamuona.

Anthu a kaduka sankasowa. Ukakwezedwa pantchito, wina amakhala wapondedwa. Ndinayamba kukumbukira yense amene anabwera kudzaona mita ija, yemwe anaigwira, yemwe anaseka mopitirira. Mawa lake kanazunguliranso, mkuja chimodzimodzi, nthawi yake yomweyo. Ndinaleka kulowa pabalaza m'mawa. Ndinkadutsa pakhomo la kuseri, ndipo mwana sindinkamusiya m'nyumba ngakhale kuti ndikatunge madzi.

Amuna anga sindinawauze. Ndikanayamba bwanji? Munthu amene Lamlungu lililonse abusa akachoka ankalalikira kuti woopa mfiti wanyoza Mulungu. Ine ndemwe ndinali mlembi wa amayi a Chigwirizano, wovala bulauzi yoyera Lachisanu. Koma sabata yotsatira anadwala malungo n'kugona kunyumba masiku atatu. Tsiku lachiwiri ndinawapeza ataima pabalaza atafunda bulangeti, akuyang'ana pakhoma, kambale kali pa liwiro. Ananditembenukira, nkhope ili mbuu.

"Tipemphere," anatero. Tinagwada. Titati ameni, kanali kakuzungulirabe. Sanayankhulenso za nkhaniyo, ine ndinangoti ndiye kuti chikhulupiriro chawo chawakwanira.

Changa sichinandikwanire. Bilu ya Seputembala itafika pa paundi ndi masheleni atatu, ndinanama kuti ndikukaona azakhali anga odwala cha ku Mkaika. Ndinamanga nkhuku yakuda m'dengu, n'kuphimba ndi nsalu, ulendo wa kwa a Solomoni, sing'anga amene dzina lake pamishoni tinkalitchula monong'ona. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osadabwa ngakhale pang'ono.

"Akukudyerani pa chitsulo chimenecho," anatero. "Nyumba munalowa osatsirika."

Anandipatsa kachithumwa kosokedwa m'nsalu yakuda, kukula kwake ngati chala chachikulu, kuti ndikakaike pomwe chinthucho chikudyera. Pakati pa thabwa ndi khoma panali kampata pamwamba. Ndinakwera pampando, n'kukakankhira mmenemo ndi kamtengo. Kanatsetsereka, ndinakamva kakugwera mkati.

Mawa lake kambale kanazungulira monga mwa masiku onse.

Apa ndiye mantha anga anabala anzake. Ndinafuna kukachotsa, koma kamtengo sikanafike, waya wopinda ngati mbedza sanakole kanthu. Kuti katuluke, thabwa limayenera kumasulidwa, ndipo thabwa linali ndi chidindo. Lamulo la pamishoni aliyense ankalidziwa: chithumwa chikapezeka m'nyumba ya mphunzitsi, mpingo umakuika pa chilango, sukulu n'kukuchotsa, nyumba n'kupatsa wina. Zaka khumi ndi ziwiri za amuna anga ndi choko m'manja ndinali nditazikankhira kuseri kwa thabwa ndi kamtengo. Ndinayamba kuonda. Amuna anga akangoyang'ana kukhoma kuja, ndinkangoti basi adziwa. Nawonso anaonda masiku amenewo, ine n'kumati ndi malungo aja.

Loweruka lina m'mawa, patapita masabata atatu, ndinamva belu la njinga pabwalo. A Mbewe, bokosi lawo la zitsulo lili pa kaliyala.

"Odi, aphunzitsi! Kalaliki wa ku ofesi akuti bilu yanu yaposa ya abusa, omwe ali ndi mababu asanu ndi awiri. Andituma ndidzamasule mita ndione."

Ndisanapeze bodza, amuna anga anali atayankha kale.

"Aaa, akulu a mpingo, musadzivutitse. Mitayo ili bwinobwino. Ndife tomwe timayatsa mosasamala. Tilipira."

Ndinawayang'ana. Anthu omwewa amene ankawerenga machesi m'bokosi?

"Si za inu zokha," anatero a Mbewe, akupukuta nsapato pakhomo. "Ngati mita ikunama, ikunamiza mishoni."

"Mwina muyambe mwamwa tiyi, bambo," ndinatero ine. "Ndikazinge ndi mazira."

"Ndadya kale, mayi."

Analowa. Anazimitsa chilichonse, n'kuimirira kutsogolo kwa mita. Injini inali ikulira, kambale kakuvina. Anakwinya nkhope, anatulutsa wotchi n'kuwerenga. Kenako anatuma uthenga kuti injini izimitsidwe, anatenga pulayala, n'kudula kamtovu kaja. Msomali woyamba unatuluka, wachiwiri. Ine ndinaima pakhomo la kuchipinda, Judith ali kumsana, ndikupemphera pemphero lopanda mutu, loti chiswe chikhale chitadya nsalu ija. Amuna anga anakhala pampando manja ali pa mawondo, thukuta likutsika m'khosi ngakhale kunali kusanatenthe.

Msomali wachinayi utatuluka, thabwa linapendekeka. Pansi panagwa kanthu kakuda. Kenako panagwanso kena, kofiira.

Ndinayang'ana kakuda kanga, ndinayang'ana kofiirako. Ndinaganiza kuti ndiye kameneko ka mdani uja, ndipo ndinatsala pang'ono kukuwa. A Mbewe sanazigwire ndi manja. Anazitola ndi pulayala, kamodzikamodzi, n'kuziika patebulo pafupi ndi Baibulo.

"Za yani izi?"

Nkhuku inalowa pakhomo, inayang'ana uku ndi uku, n'kutulukanso.

"Ndafunsa, aphunzitsi. Za yani?"

"Zanga," anatero amuna anga, maso ali pansi. "Kofiirako ndinaika ndine. Kakudako nakonso muziti ndine."

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa kuti nawonso anali atapita kwa sing'anga. Ulendo wawo wa ku boma ku Katete, woti akukatenga mabuku, anabwerako opanda buku ndi limodzi lomwe. Tambala wathu wofiira amene ndinkati wagwidwa ndi vumbwe.

"Ayi, bambo," ndinatero. "Kakuda ndi kanga. Iwo sankadziwa."

A Mbewe sanatiyang'ane. Maso awo anali pakhoma, pomwe panali thabwa. Kuchokera kumunsi kwa mita kunali mawaya awiri opita ku mababu athu, ndi ena awiri olowa m'kabowo kotulukira kunja. A Mbewe anatuluka, tinawaona pawindo akulondola wayayo ndi maso, mtengo ndi mtengo, mpaka kuchitsime cha atsikana ogonera pasukulu, kumene kunali pampu yokwezera madzi m'thanki. Atabwerera anakhala pansi osapatsidwa mpando.

"Pampu ya kuchitsime ikudyera pa mita yanu," anatero. "Chilimwe chikamakula timaipopetsa nthawi yaitali, ndiye bilu kukwera. Waya ameneyu amayenera kulumikizidwa asanafike pamita. Ndinalumikiza ndine. Ndinalakwitsa ndine."

Palibe mfiti, palibe kaduka. Madzi osamba ana asukulu. Ndinamva manyazi otentha ngati ndakhalira mbaula, koma pansi pa manyaziwo panadzuka kachiyembekezo. Amuna anga nawo anakaona, poti anakweza mutu.

"A Mbewe," anayamba pang'onopang'ono, "tonse ndife anthu. Amishoni akamva za wayayu, ntchito yanu ili pamoto. Ife za ndalamazo sitidzatchula. Konzani mwakachetechete. Tinthu iti mayi aponye m'chimbudzi. Zithere m'nyumba muno."

Ine ndinagwada pa simenti, mwana ali kumsana. "Chonde bambo, tichitireni chifundo. Tinachita mantha basi."

A Mbewe anakhala nthawi yaitali akuyang'ana zikhatho zawo zakuda ndi girisi. Ndinati mumtima, tapulumuka.

"Ndili ndi ana asanu ndi mmodzi," anatero. "Musaganize kuti sindikuopa. Koma mawa ndine wogawa mkate pa Mgonero. Ndidzakupatsani bwanji, inu n'kulandira bwanji, tikudziwana chonchi?" Anakulunga tizithumwa tija m'kansanza n'kuika m'bokosi. "Lolemba ndikanena za waya ku ofesi. Za izi ndikanena kwa abusa lero. Zonse ziwiri."

Ndinawada munthu ameneyo tsiku limenelo, ndipo sindinganame kuti chidanicho chinatheratu. Anachitadi zomwe ananena. Iwo anawadula malipiro a miyezi iwiri, koma injini inalibe wina woidziwa, choncho anatsala. Ife maina athu anawerengedwa m'tchalitchi Lamlungu lotsatira, anthu onse akumva, ndipo bulauzi yanga yoyera ndinakaipereka ndekha kwa amayi abusa. Kalata yochotsedwa ntchito inabwera sukulu isanatsekere. Tinapatsidwa masiku khumi.

Tinanyamuka pa ngolo yobwereka, kupita kumudzi kwathu cha ku Vubwi, mtunda wa masiku. Bedi, tebulo, mabuku m'makatoni. Chimene chinkandiwawa kwambiri sichinali nyumba. Masabata atatu tinkagona pa bedi limodzi, kudya m'mbale zoyandikana, aliyense ali ndi kake kuseri kwa thabwa lomwelo. Mmodzi akanangoyankhula, tikanaseka, kapena kukangana, mwinanso tikanapita limodzi kwa a Mbewe tsiku loyamba lija n'kungoti bwerani mudzaone, kakuzungulira tikazimitsa.

Ng'ombe zitaima pamtsinje kuti zimwe, sindinathenso kupirira.

"Atate ake Judith, munandibisiranji? Ine ndiye ndinkaopa inu, alaliki. Nanga inu munkaopa yani?"

Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya nthawi yaitali, ngakhale analibe fumbi.

"Inu, amake Judith," anatero. "Ndinkati mukadziwa, simudzandiyang'ananso ngati mwamuna wopemphera."