Mayi wa ku Suomi

"Ndege ndi ya Thursday, mlamu," anatero a Tarsizio, akulu ake a malemu Enos, amene anafika dzulo lake kuchokera ku Zomba. "Mkazi amaperekeza mwamuna wake mpaka kumanda. Mukufuna anthu azinena kuti munamudya ndinu?"

Chrissie, mkazi wa malemuyo, anali atakhala pansi pakona. Chilolezo chake chokhalira ku Ireland chinkadalira sukulu ya Enos. Akangotuluka pa airport, adzamulolanso ndani kubwerera? Nanga Joy, mwana wawo wodwala matenda a magazi a sickle cell, amene madokotala a ku Dublin amamuwonjezera magazi mwezi ndi mwezi? Ankaopa alamu ake, ankaopa miseche ya kumudzi, koma koposa zonse ankaopa kuika maliro awiri.

"Munthu kusiya ntchito yabwinobwino, ati kudzafufuza mmene anthu a ku Finland amatchulira mayiko!" A Tarsizio anapukusa mutu.

Enos analidi wotero. Ngakhale m'sitima ya ku Balbriggan, tauni imene ankakhala, ankakola anthu osawadziwa n'kuyamba kuwauza kuti ku Finland dziko la Sweden amati Ruotsi, dzina lochokera kwa anthu opalasa mabwato, pomwe Suomi, dzina la dziko lawo lomwe, akatswiri akukanganabe za gwero lake. Ankatha tsiku lonse akung'ung'udza timichira timene amalumikiza ku dzinalo: Suomessa, Suomeen, Suomesta.

Belu la pakhomo linalira. Chrissie anayang'ana kukhomo. Kodi a immigration ayamba kale?

Anali a Ritva, mayi wachikulire wa ku Finland amene Enos ankakawafunsa mawu Loweruka lililonse. Anavula nsapato, natulutsa chitenje m'chikwama n'kuchimanga mokhotakhota pamwamba pa thalauzi. Mpando anaukana. Anakhala pansi movutikira, phewa lawo litatsamira la Chrissie.

"Pepani, amake Joy," anatero m'Chichewa chothyokathyoka, kenako anapitiriza m'Chingerezi. "Enos anandiphunzitsa zimenezi ali m'chipatala. Anati ndisadzabwere ndi maluwa. Anati, mkazi wanga akakhala yekha amaopa kuyankha akuluakulu, ndiye mudzakhale naye pansi mpaka alankhule."

Chrissie anagwira dzanja lozizira la mayiyo. Mantha sanachoke, koma anatembenukira kwa a Tarsizio.

"Alamu, Enos mupita naye ndinu. Ine nditsala ndi mwana wake."