Khadi la Woyeza Malire

"Izi ndiye zipite pamoto," anatero a Stella, akukhuthula chikwama cha malemu patebulo.

Panagwa kope lakuda, makhadi odula pakatoni ya sopo, chipepala chopindapinda, ndi kadayisi kachilendo ka mbali makumi awiri. Kadayisiko kanagubuduka n'kukaima pafupi ndi dzanja la a Solomon. Iwo anangokayang'ana.

Linali tsiku lachitatu chiikire m'manda Foster, mwana wawo yekhayo, amene anagwa pa njinga yamoto mumsewu wa ku Geisha. Tenti anali atachotsa, ndipo m'nyumba ya malemu ku Mchengautuwa munatsala abale ogawa zovala. Maliro onse a Solomon sanagwetse msozi. Sikuti ankadzigwira ayi. M'kati mwawo munangoti zii, ngati ofesi ya boma Lamulungu.

A Stella, mlongo wawo, anabwera kuchokera ku Dedza ndi yunifomu ya Mvano komanso maganizo opsa kale. Anatambasula chipepala chija. Anali mapu ojambula pamanja: mapiri, nkhalango, mlatho, ndipo pakona chinjoka chamapiko chikulavula moto.

"Achimwene, mukuona? Mwana wapita mwadzidzidzi, anthu akunong'onezana kale, ndiye tikupeza izi. Mawa mumva kuti Foster anali wasataniki. Moto ndakoleza kuseri."

"Yayi, azakhali, ndi gemu chabe iyo," anayankha Temwani, mkazi wa malemu, ali pamphasa pafupi ndi khomo. Mawu ake anali atasasa. "Wakhala akulemba chaka chonse. Aliyense amakhala munthu wa m'nkhani. Foster amafotokoza dziko, inu mumasankha chochita, dayisi n'kuweruza. Amati tiyamba Loweruka lino, tonse. Amadikira chomene."

Za Loweruka a Solomon ankazidziwa. Foster anawauza katatu konse: "Bambo, Loweruka mudzabwere. Dziko ndamaliza, malamulo atsala pang'ono." Katatu konse iwo anayankha kuti, "Tiona," mawu amene anabwezera anthu zaka makumi atatu ku ofesi yoyeza malo.

"Nenani, achimwene, mwana ndi wanu."

A Solomon anangoyang'ana kope lija. Kope lipse kapena lisapse, kwa iwo zinali chimodzimodzi, ndipo zimenezi zinawachititsa manyazi pang'ono. A Stella anatenga chete ameneyo ngati chilolezo, monga ankachitira aliyense pabanjapo. Anayamba kusonkhanitsa makhadi, kenaka anaponya limodzi patebulo ngati lawaotcha.

"Mayo ine! Dzina langa lilimo! Anandilembamo mwana ameneyu!"

A Solomon anavala magalasi, chifukwa pepala lolembedwa dzina la munthu sankalisiya osawerenga. Anawerenga mokweza, ndi mawu a ku ofesi.

"Azakhali Stella, Mlonda wa Chipata. Akayambitsa nyimbo, chinjoka chimathawa. Saponya dayisi, poti sanagonjepo pa mkangano."

A Stella anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma anangokhala pampando. Anakoka khadi lija pang'onopang'ono n'kuliika pamwendo.

Makhadi ena anali a Temwani, a msuweni, a mnzake wa kuntchito. Lomaliza linali lofufutafufuta, loonetsa kuti mwini wake analimbana nalo masiku ambiri. Limeneli a Solomon anawerenga chamumtima.

"Bambo, Woyeza Malire. Sakakamizidwa kulankhula. Akangokhala patebulo mpaka masewera atha, aliyense awonjezere ziwiri pa zimene waponya."

Pansi pake panali timawu tiwiri ta pensulo: "Ngati abwera."

Apa ndi pamene zinawapweteka. Ululu sunabwere waukulu, unabwera ngati mwendo wadzanzi ukayamba kudzuka. Mwana uja sanawapemphe kuseka, kapena kumvetsa za zinjoka. Anangowasungira malo, ndipo ngakhale malowo anawalemba ndi pensulo.

Kuseri utsi unkakwera mumvula yowaza.

"Temwani, mwanangu, lero ndi lachingati?"

"Lachisanu, adada."

"Stella, kazimitse moto."

A Stella anadzuka osayankha, zimene sizinachitikepo chibadwire, khadi lawo lili m'manja.

"Koma malamulo sanamalize, adada," anatero Temwani. "Woyendetsa gemu anali yekha."

"Tiwerenga pamene anafika. Ine ndimayenera kukhala pati?"

Temwani anakwawa ndi mawondo, natsegula tsamba lomaliza la kope. Foster anajambulapo tebulo lomwelo, mipando isanu ndi umodzi, uliwonse ndi dzina lake. Wa bambo ake sanauike kumutu kwa tebulo, kumene iwo ankakhala akabwera kudzacheza. Anauika pambali pa wake, chakumanja.

A Solomon ananyamula mpando wawo n'kuzungulira nawo tebulo. Anausuntha kawiri mpaka unagwirizana ndi chithunzi, nakhala. Kenaka anatola kadayisi kaja n'kukaika patsogolo pa mpando wopanda munthu umene unali kumanzere kwawo.