Fumbi Lobwerera ku Moto

Apulofesa ndi amene anafufuta dzina la mwamuna wa mayiyu, maluwa a pamanda asanafote n'komwe.

Malemuwo anali mmisiri wa makina m'chipinda chofufuzira pa yunivesite. Zaka khumi ndi zinayi ankasamala thanki ya heliyamu, mpweya umene amauziziritsa mpaka usanduke madzi. Madziwo akamayenda saoneka, ndiye iwo ankapoperamo fumbi la mpweya wina woundana, n'kuunikira ndi getsi lobiriwira, kamera ikujambula. Akayatsa kahita ka pansi, fumbi linkathawa kutentha n'kukwera. Koma lina linkatsika, kulondola kumoto komweko. Malemuwo atanena zimenezi, apulofesa anawaseka kuti apukute galasi, maso akalamba.

Ankafika kunyumba mtima uli m'malere, n'kumajambula timivi tosonyeza njira ya fumbilo pa katoni ya sopo, kulongosolera mkazi wawo iye akusita. Lero timivi tomweto tili pa chipepala chachikulu m'khonde la yunivesite, mayina asanu pansi pake. Lawo palibe.

Chiikireni maliro fumbi lakana, likungogwirana zibuma n'kumira. Palibe akudziwa mmene malemu ankatsegulira vavu yolowetsera fumbilo. Ndiye apulofesa anamuitanitsa mayiyo. Mpando wofewa, tiyi, mafunso a ana, kenako pempho la kope limene bambo ankalembamo zonse.

Mayiyo sanakhale pansi. Anazungulira thanki ija, mapaipi atayera ndi chisanu, pampu ikugunda. Kope linali m'chikwama, pansi pa ambulera. Anafunsa kumene kuli dzina la amuna ake. Apulofesa anati pamapepala otere pamalembedwa a madigiri, koma adzawathokoza m'munsi, m'timalemba ting'onoting'ono.

"Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale, bambo, koma kuba ndimakudziwa. Maso okalamba aja lero mwawafuna?"

"Mayi, kopelo likapanda kubwera, ntchito ya amuna anu ifera pompano."

Apa mpamene panamuwawa, chifukwa sananame.

Anatuluka. Atafika pageti anabwerera. Atafika pamasitepe anabwereranso. Mlonda mpaka anamufunsa ngati wataya kanthu, iye n'kumuuza kuti ayang'ane geti lake. Akapereka, fumbi livinanso koma m'dzina la eni madigiri. Akakana, thukuta lonse lija lidyedwa ndi njenjete m'sutikesi, ndipo wolikwirira akhala iye mwini.

Mpaka pano miyendo yake sinasankhe, chikwama chili kukhwapa. Inu mwawerenga izi, inu ophunziranu, musangoti pepani. Mapepani anamukwana pamaliro. Apereke kapena asapereke? Muyankheni.