Nyali Yofiira m'Pikapu ya a Jailos

Pikapu ya a Jailos inasankha tsiku loipa loyambira kudwala. Miyezi yonseyi inkakwera ndi kutsika msewu wa ku Limbe itasenza nanazi ndi nthochi, osatsokomola n'komwe. Koma tcheyamani wa chipani m'deralo, a Moffat, atangolamula kuti Loweruka idzanyamule amayi okavina ku msonkhano wa ku Blantyre, kanyali kofiira ka oyilo kanayamba kuphethira.

A Jailos anatuluka thukuta m'migodi ya ku Joni kuti agule galimotoyo, ndipo ankadziwa kuti ukaumirira kuyendetsa nyali imeneyo ikuyaka, injini imauma n'kufa. Ankadziwanso za bambo wina wa ku Nkando amene lole yake inawonongeka m'mawa wa msonkhano chaka chatha. Ayufi, anyamata a chipani, anati wachita dala, anamutenga, ndipo mkazi wake anali akulimabe yekha. Masiku amenewo galimoto sinkaloledwa kudwala pa zinthu za chipani.

Anapita kukawauza a Moffat, chipewa chili m'manja.

"Yadwala liti? Si dzulo lomweli ndaiona ikuthamanga?" anafunsa a Moffat. "Tiyeni kwa makaniko, ndikaone ndi maso angawa."

A Moffat sanatsegulepo boneti chibadwire, koma ankakhulupirira kuti chilichonse chimene sachimvetsa chimabisa woukira boma. Anakwera kutsogolo atavala malaya oyera mbee, ndipo anayenda pang'onopang'ono mpaka pa Chitakale, pansi pa mtengo wa mango pamene a Lackson ankakonzerapo magalimoto.

A Lackson anali mnzawo wa a Jailos kuyambira ali anyamata, munthu wosapupuluma, woyankhula ngati mawu amachita kugula. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, napeza kuti ngodzaza. Anamutikita pakati pa zala, namununkhiza, nati sanasakanikirane ndi petulo. Atalizitsa injini, anagunditsa chitsulo chachitali pambali pake, mbali inayo ili kukhutu, namvetsera kwa kanthawi.

"Mabelingi sakugogoda," anatero. "Mwina ndi kaswitchi ka nyaliyo kakunama."

"Ndimadziwa ine kuti pali wina akunama," anatero a Moffat, akuwayang'ana a Jailos.

A Jailos anayamba kupemphera chamumtima. Tangoganizani, munthu kupempherera kuti galimoto yako yomwe ipezeke yodwaladi. A Lackson anamasula kaswitchiko, namangapo geji yawo yakale ya galasi losweka. Injini ikulira pang'ono, singano inakwera mwaulesi. A Jailos ataponda moto, singanoyo inanjenjemera n'kugwa.

"Nyali sikunama, bwana tcheyamani," anatero a Lackson. "Oyilo alimo, pampu ikufuna kumwa, koma china chake chaitseka pakamwa."

Mtima wa a Jailos unayamba kukhala m'malo, koma a Moffat sanachedwe kuudzutsanso.

"Chaitseka? Ndiye wachiikamo ndani? Tsegulani tichione."

A Lackson anakhetsera oyilo yense m'beseni, nalowa pansi pa galimoto, namasula sampu, chibeseni chachitsulo cha kunsi kwa injini. Pa sefa imene pampu imayamwira oyilo panali patamatirira chinthu chakuda bii. Anachimatula, nanjuta kumbali, nayamba kuchitsuka m'chitini cha palafini. A Jailos ananjuta pafupi nawo. A Moffat anaima chapatali, kuopa kudetsa malaya.

Kuda kuja kunayamba kuchoka. Panaoneka pofiira, kenaka pobiriwira, kenaka mutu wa tambala. Chinali chidutswa cha nsalu ya chipani, chodulidwa bwinobwino ndi lumo, ndipo mkati mwake munali timizu tomangidwa ndi ulusi. M'nyumba mwa a Jailos nsalu yotero inalimo imodzi yokha, ya mkazi wawo Estele. Munthu ankatha kusowa chifukwa chongoiwala khadi la chipani kunyumba. Nanga wodula nsalu ya chipani n'kuiponya m'mimba mwa galimoto?

"Mwapeza chiyani kumeneko?" anafunsa a Moffat, akuyandikira.

A Lackson sanawayang'ane a Jailos. Dzanja lawo linangoterereka n'kulowa m'beseni la oyilo wakuda uja, linafinya, linatuluka.

"Chisanza, bwana," anatero, akuchikweza m'mwamba, oyilo akuyenderera mpaka m'chigongono. "Amakaniko ena ngosasamala, amapukutira injini n'kuiwala momwemo. Gwirani muone."

A Moffat anabwerera m'mbuyo, manja ali kumsana.

"Loweruka iyenda?"

"Iyenda ndithu."

Chisanzacho a Lackson anachiponya pa mbaula imene ankaotcherapo chinangwa, chinalilima n'kutha. A Moffat atapita kukafuna tiyi, a Lackson anamanga sampu, nathira oyilo watsopano, ndipo singano inakwera n'kuima nji. Akupukuta m'manja, anayankhula chapansipansi m'Chilomwe, chinenero cha makolo awo.

"Akawauze alamu apinde bwino nsalu yawo Loweruka. Chaona mnzako chapita, achimwene. Ine sindinaone kanthu."

A Jailos anabwerera kwawo atakwiya zedi. Njira yonse ankasanja mawu oti akalalate, ndipo anali mawu olemera. Anamupeza Estele kuseri kwa nyumba akuyanika makaka pa thandala.

"Tabweretsani nsalu yanu ya chipani ija," anatero.

Estele anaima, chinangwa chili m'manja, ndipo sanafunse chifukwa.

"Chitugubuduzikire lole ya a Winston ija pa mlatho wa Thuchila, ine sindigona mukakhala pa msewu," anatero. "A Winston anachoka m'mawa ngati inu nomwe, madzulo tinakawaona atawafunditsa. Nde ndinawoloka malire, ndinapita kwa asing'anga a ku Milanje. Anandipatsa mizu, amvekere ndiikulunge m'nsalu imene anthu amaopa kuikhudza, ndiiike modutsa magazi a galimoto, ngozi idzaiopanso. Nanga m'dziko muno nsalu yoopedwa ndi iti, abambo? Ndinakuonani pamene mumathira oyilo, ndinaikankhira pomwepo."

"Mumadziwa chimene akanakuchitani atakupezani?"

"Ndimadziwa. Ndinati bola atenge ine."

Ukali wonse uja unawathera a Jailos. Anamumvera chisoni mkazi wawo, ndipo anachita manyazi kuti tsiku lonse ankangoganiza za khosi lawo. Anatola chinangwa chimene chinagwa pansi, nachiika pa thandala.

Loweruka m'mawa a Moffat anaima kumbuyo kwa pikapu, akuyang'ana mayi aliyense ngati wavala moyenera asanakwere. Estele anafika atazungulitsa nsalu yake mwaluso, kona yodukayo ataisomeka mkati mwa chiuno. A Moffat anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, nagwedeza mutu kuti akwere.

Nyali sinayake ulendo wonse, koma a Jailos sanaiyang'ane n'komwe. Maso awo ankangobwerera pa kalilole, pamene ankamuona Estele akuimba ndi anzake, dzanja limodzi litagwira m'chiuno. Pa mlatho wa Thuchila anachepetsa liwiro mpaka a Moffat anadandaula kuti achedwa.

Ku bwalo la msonkhano kuja, Estele amene mudzi wonse unkamudziwa kuti amavina manja ali m'mwamba, anavina tsiku lonse dzanja limodzi osalichotsa m'chiuno. Amayi anzake anamuseka kuti wayamba matama chifukwa mwamuna wake ali ndi galimoto. A Jailos anamva, ali chiimire pa dzuwa pafupi ndi pikapu yawo, ndipo anatsitsira chipewa kumaso kuti anthu asaone misozi.