Tinaphika Njere za Mlambe

"Imilila pa geti, amake Levy. Ukaona motoka, ukosomole," anatero alongo anga a Yotamu, uku akutsanulira madzi owira m'beseni.

Nthunzi inawaphimba kumaso. M'besenimo munali njere za mlambe wathu, zomwe tinaswera malambe tsiku lonse mpaka manja kuchita matuza. M'mawa mwake zinkayenera kuperekedwa kwa Chimuka, mayi wa bungwe lina loteteza mitengo, ndipo alongo angawo anali atalumbira kuti zipita zitafa.

Mlambewo unali pakati pa munda umene atate anatisiyira ku Shimabala. Iwo anachokera ku Petauke kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo atapuma anasankha malowo chifukwa cha mtengowo, ati unkawakumbutsa kwawo. Kukula kwake, ana a Sande sukulu anayesapo kuuzungulira atagwirana manja, koma anachepa. Atate ndi amayi anagona mumthunzi wake. Kuseri kwa mundawo kuli kwale, kumene amaphwanya miyala, ndipo eni ake akhala akuyang'ana malo athu ngati galu woyang'ana fupa.

Chimuka anali atabwera mlungu umodzi m'mbuyomo, atavala nsapato zazikulu, akuseka ndi aliyense mpaka nkhuku zomwe.

"Ba Yotamu, mibuyu ikulu-ikulu yayamba kufa," anatero, akusisita thunthu la mlambewo. "Iola mukati, tsiku limodzi yagwa chabe. Tifuna mbeu tikabyale ku Spain. Kuli malo yochingiliwa, kulibe moto, kulibe ba malasha odula mitengo. Tizayamba kuyesa mu nazale yathu ku Kafue. Zikamela bwino, titumiza. Zikakana, basi, tisiya."

"Palibe vuto, mayo," anayankha a Yotamu. "Tizakutolelani ise bene."

Kwathu mlendo sakanizidwa m'maso muli gwa. Anamupatsa mpando, anamupatsa maungu awiri, anamuperekeza mpaka pamsewu. Galimoto itangokhota, analavula.

"Mitengo ya mukula inayenda so," anandiuza. "Mathilaki kupita pa Kafue apa yodzala mitengo, na bonse benze na nkhani zabwino. Manje ganiza iwe. Ba kwale chibaletsa n'chani? Ni mutengo uyu. Bakamvela ati bana bake bali bwino ku Spain, bazakamba ati mai wake angagwe, nanga si bana baliko? Bakadula mutengo, manda ya batate yazapita na bulodoza."

Ndinawakhulupirira ndi mtima wonse. Ine ndimagulitsa kapenta ku Nangongwe, ndipo ndinaphunzira kalekale kuti woseka kwambiri ndi amene amakupatsa thumba lokhala ndi mchenga pansi. Komanso zinandiwawa. Mtengo wakhala pamenepo agogo a agogo athu asanabadwe, lero ati ungapulumuke pokhapokha utakwera ndege? Choncho ndinaima pageti ngati msilikali. Njere zinagona m'madzimo, m'mawa tinaziyanika pamphasa, ndi kuzipereka ndi manja awiri. Mlimi aliyense amadziwa kuti mbewu yolawa madzi owira yatha ntchito. Ifenso tinkadziwa choncho.

Mvula yoyamba isanagwe, galimoto ija inabweranso. Ndinali komweko, tikusosa m'munda. Chimuka anatsika atanyamula kreti, akuthamanga ngati wapambana mpikisano.

"Ba Yotamu! Zamela! Pafupifupi zonse zamela!"

M'kretimo munali timapepala takuda ta dothi, kalikonse katatulutsa timasamba tiwiri tonenepa. Alongo anga anatsamira khasu.

"Munazichita shani?" anafunsa Chimuka. "Mbeu ya mubuyu ili na chikoko cholimba maningi, ingankhale mu dothi chaka osamela. Ise timavutika kuzikwecha imodzi-imodzi, olo kuziviika mu manzi yakupya, yowila. Koma zanu zinabwela zofewa kale. Imwe ndimwe bakaswili!"

Apa m'pamene ndinakhosomola, koma zinali zitachedwa.

"Ni nzelu za makolo," anatero a Yotamu ndi mawu ouma. "Nanga zinangu zija?"

"Zinayenda kale na ndeke. Izi nabweletsa ni zanu, mubyale kuno. Mutengo uyu ni wodwala, ba Yotamu. Gogodani mumvele."

Sanagogode. Anathokoza bwinobwino, anamupatsanso nkhuku, koma mayiyo atachoka anakankhira kretiyo kuseri kwa khitchini ndi phazi.

"Chotseka pakamwa ichi," anatero. "Wamvela? Ati ni wodwala. Bayamba kale kuupezela mulandu."

Sanalole munthu kuthirira mbandezo. Mbuzi zinapeza phwando. Ine ndinkayang'ana kumbali, chifukwa nanenso mawu akuti "wodwala" sanandisangalatse. Dokotala wabwino sanena za maliro wodwala ali chilili.

Mlambewo unagwa mu Febuluwale, masana, mvula itagwa mlungu wathunthu. Foni inandipeza pamsika. Ndinasiyira mnzanga kapenta ndi kukwera minibasi, chitenje chili chonyowa, mtima uli m'mwamba. Ndili panjira ndinali nditagamula kale mlandu: awudula.

Sanaudule. Unang'ambika wokha kuchokera pamwamba, mbali ina kugwera m'chimanga, ina kugwera kumsewu. Nthambi imodzi inaphonya mtanda wa amayi ndi chikhatho chokha. M'kati mwake munalibe mtengo ayi. Munali zinthu zonyowa, zoyera, zothothoka m'manja ngati chiguduli chowola, fungo lake la mowa wosasa. Ndinalira ngati ndaferedwa kachiwiri, ndipo sindinachite manyazi.

A Yotamu sanalire. Ankakwawa m'matope kuzungulira chitsa, akupapasa khungwa ndi zala.

"Mufuna chani, ba Yotamu?"

"Pamene banaboola. Banathila mankhwala aba."

Anafufuza mpaka mawondo a buluku kung'ambika. Sanapeze bowo, sanapeze chipsera cha nkhwangwa. Komabe ndikanama ndikati mitima yathu inakhala pansi. Munthu akakuuza kuti nyumba yako igwa, kenako n'kugwadi, umamuthokoza kapena umamuopa?

Tili chomwecho, galimoto yoyera inaima pamsewu. Munatuluka bambo wa chisoti chachikasu cha ku kwale. Sanatipatse moni. Anayang'ana mtengo wogwawo, anayang'ana manda, kenako anayang'ana munda wonse pang'onopang'ono, kuyambira kumalire mpaka kumalire.

Alongo anga anadzuka m'matopemo ndi kulowera kuseri kwa khitchini. Ndinawamva akugubuduza kreti. Anabwerako atafukata kapepala kamodzi kakuda. Kamtengo kake mbuzi zinali zitakadya nsonga, koma m'mbali mwake kanali katatulutsa tsamba latsopano.

"Leta khasu," anandiuza.

Anakumba pakati pa manda awiriwo ndi chitsa, bambo uja akuonerera. Atakwirira, anazula mitengo ya khola la mbuzi, anamasula waya waminga wa kudimba, ndi kuyamba kumanga. Anazunguliza waya kufika m'chiuno, kufika m'mapewa, pamwamba n'kusanjikapo minga ya mthethe. Manja awo ankatuluka magazi. Pomaliza anachotsa loko wa pachitseko cha nyumba yawo ndi kukhoma pakageti ka mpandawo.

Galimoto yoyera ija inaliza injini, koma sinachoke. A Yotamu anakoka mpando, anakhala pansi atafulatira chimtengo chakugwacho, nkhwangwa ili pamiyendo, maso ali kumsewu. Kumbuyo kwawo, m'kati mwa mpanda wotalika kuposa munthu, munaima kamtengo kosafika ngakhale kutalika kwa chala changa.